Mphwanga ndi ndodo yokhota

Mukaima pamsika wa Nchalo n'kufunsa anthu khumi kuti hockey n'chiyani, mwina mmodzi yekha ndiye angakuyankheni, ndipo ameneyo ndi uja anangoiona mwangozi pa TV akudikira mpira wa ku England. Kwathu kwa Lundu ndodo timazidziwa bwino. Pali ya agogo yoyendera, pali ya m'busa wa ng'ombe, ndipo mafumu akuluakulu timawatcha a ndodo. Koma ndodo yoti mnyamata n'kukwera nayo ndege kukaimira dziko lake kunja, imeneyo ndiye sitinaimvepo. Masewero kwathu ndi mpira wamiyendo kwa anyamata, ntchemberembaye kwa atsikana, bawo kwa madoda pansi pa mtengo wa nimu. Basi.

Chonsecho kuli mpikisano wa hockey wa dziko lonse wa anyamata a zaka zosaposa 21, wotchedwa Junior World Cup. Unayamba mu 1979 ku Versailles m'dziko la France, ndipo chikho choyamba chinapita ku Pakistan. Malawi sinafikeko. Ine mpikisanowu ndinaudziwa chifukwa cha mwana wa achemwali anga, amene pano ali ndi zaka 16, ali Fomu 2, ndipo pa Khirisimasi yapitayi anatikhazika pansi banja lonse chifukwa cha ndodo yokhota kumapeto.

Mphwangayu anabwera kudzakhala nane ku Blantyre chifukwa cha madzi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anasiya nyumba ya achemwali itang'aluka zipupa. Freddy mu Malichi 2023 anangodzamaliza. Banja lonse linathawira kusukulu, kumene makalasi anasanduka zipinda zogona, ana n'kukhala masabata osaphunzira. Mwa ife Amang'anja, mwana wa mlongo wako akavutika sufunsa kuti udindo ngwandani. Ngwako, malume. Ndinatsika kukamutenga ali ndi zaka 13, katundu wake yense ali mu jumbo imodzi.

Miyezi yoyamba sankalankhula. Ukamufunsa za kusukulu ankangoti "zili bho," n'kukalowa kuchipinda. Chiperoni cha mu Juni chinkamusowetsa mtendere, paja kwathu timadziwa kutentha kokha. Koma chimene chinkandisautsa ine ndi mvula. Ikangoyamba kulira pamalata usiku, ndinkamupeza atakhala tsonga pamatiresi, nsapato atavala kale.

Mu Novembala chaka chomwecho mzinda wa Blantyre unalandira mpikisano wa makalabu a hockey a mu Africa, pabwalo latsopano la masewerowa limene lili pafupi ndi Kamuzu Stadium. Kunabwera matimu a ku Egypt, ku Kenya ndi maiko ena. Ife tinkangodutsa, tikuchokera ku Chichiri, ndipo chimene chinatikoka ndi phokoso: kho! kho! ngati munthu akusema mtondo. Tinalowa. Mphwanga anayang'ana kwa mphindi zingapo, kenako anandigwira mkono.

"Amalume, uwutu ndi mpira wa mgwalangwa uja."

Amene munakulira kuchigwa mwamva kale zimene ankatanthauza. Chipatso cha mgwalangwa n'chofiirira, cholimba, chongokwana m'dzanja. Tili ana tinkachigwetsa ndi miyala, n'kukukuta chakunja chotsekemera chija, chotsalacho n'kusanduka mpira. Ng'ombe zikamadya kudambo aliyense ankasaka ndodo yopindika kumutu, timaika ndowe zouma ziwiri uku ziwiri uko, nkhondo n'kuyambika. Masewerowo analibe dzina, analibenso lamulo, kupatula loti amene wamenyera mpira kuminga akautenge yekha. Ambirife tili ndi zipsera pamisongolo mpaka lero. Ine ndinasiya nditapita ku sekondale. Mphwanga anasiya tsiku limene madzi anabwera.

Sabata yotsatira anabwerera yekha kubwalo kuja. Anakhala akuzungulirazungulira kumpanda mpaka mkulu wina wosewerera kalabu ina ya mumzindamu anamupatsa ndodo yakale, yomata ndi tepi kumutu, n'kumuuza kuti aziyeserera ndi ana anzake. Apa m'pamene nanenso ndinayamba kuphunzira malamulo, chifukwa madzulo aliwonse nsima inkatsika ndi phunziro.

Timu imakhala ndi osewera 11 ngati kumpira wamiyendo. Bwalo ndi la mamita 91.4 m'litali ndi 55 m'lifupi, ndipo amasewera zigawo zinayi za mphindi 15. Ofusayidi kulibe. Ndodo ili ndi mbali yafulati ndi mbali yozungulira, ndipo yololedwa kukhudza mpira ndi yafulati yokha, choncho ukafuna kupita kumanzere kapena kumanja umachita kuitembenuza m'manja mwachangu. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha ngati mpira waukhudza uli mkati mwa kachigawo kooneka ngati chilembo cha D kutsogolo kwa golo. Ndipo mpira ukakugunda phazi, wapalamula. Lamulo lomalizali ndi limene linamuzunza mphwanga miyezi ingapo. Mwana woleredwa ndi mpira wachikulunga phazi limanyamuka lokha, mwini wake asanaganize.

Koma zina anabwera nazo kale. Amatha kuthamanga atawerama osatopa msana. Manja ake ndi opepuka. Ndipo munthu amene anazolowera kuimitsa mgwalangwa ukudumphadumpha pamapazi a ng'ombe ouma ndi dzuwa, mpira woyenda bwinobwino pakapeti amauona ngati waima. Mphunzitsi wawo tsiku lina anamufunsa kuti anaphunzira kuti kugwira ndodo. Iye anayankha kuti, "Ku ng'ombe." Anzake anamuseka, dzinalo n'kumukakamira.

Mu Disembala 2023 Junior World Cup inachitikira ku Kuala Lumpur m'dziko la Malaysia. Tinkaionera pafoni yanga, titagundanitsa mitu, tikudikira bandulo yausiku kuti titsitse tizigawo ta pa YouTube. Matimu anali 16, a mu Africa awiri okha: South Africa ndi Egypt. Mu fainolo Germany inagonjetsa France 2-1. Chimene chinamugwira mtima mphwanga ndi penalty corner, chilango chimene timu imapatsidwa adani akalakwa mkati mwa D muja. Mmodzi amakankha mpira kuchokera pamzere wakumbuyo, wina amauimitsa kunja kwa D, wachitatu n'kuukokera ndi ndodo ngati akuponya legeni. Mpirawo ndi wolimba, wolemera pafupifupi magalamu 160, ndipo umatha kuthamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Otchinga amavala zophimba kumaso, koma pamakhala mmodzi amene ntchito yake ndi kuthamangira womenyayo molunjika, thupi lake n'kukhala chitseko. Mphwanga anati ameneyo ndiye mwamuna, ndipo akufuna kudzakhala iyeyo. Ine ndinati amayi ako asamve.

Ndikamaonera anyamata a ku Germany aja, matupi ngati anachita kuwaumba, ndinkadzifunsa kuti kusiyana kwawo ndi ana a kwathu kwagona pati. Chakudya, inde. Sukulu, inde. Koma ndikamawerenga mbiri ya masewerowa ndinkangobwerera pachinthu chimodzi: pansi pamene akupondapo. Kale hockey inkaseweredwa pa udzu weniweni, ndipo mafumu ake anali India ndi Pakistan. India inatenga mendulo zagolide 8 ku Olympics. Mu 1976 ku Montreal anayamba kusewerera pakapeti, mpira unayamba kuthamanga kwambiri, ndipo maiko amene anali ndi ndalama zoyala makapeti m'tauni iliyonse anayamba kutsogola. Golide womaliza wa India ndi wa 1980 ku Moscow. Kuchoka pamenepo inadikira zaka 41 kuti ipezenso mendulo iliyonse, ku Tokyo mu 2021. Zifukwa zinalipo zingapo, koma aliyense wolemba mbiriyi kapetiyu samudumpha.

Kapeti wa mipikisano ikuluikulu amachita kumuthirira madzi asanayambe kusewera, kuti mpira uziyenda mofewa komanso wogwa asasupuke kwambiri. Ndiye pali china chimene nditawerenga ndinaseka ndekha. Kapeti wa ku Olympics ya Paris mu 2024 anapangidwa ndi pulasitiki wochokera ku nzimbe, magawo 80 pa 100 alionse. Wa ku Tokyo anali magawo 60. Amatenga ethanol wa nzimbe za ku Brazil n'kumusandutsa timaulusi ta udzu wochita kupanga. Tsono taganizani. Ife tinabadwira pakati pa nzimbe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene agogo athu amaitchulabe kuti ya Sucoma, madzi a Shire akhala akuthirira minda ya Nchalo usana ndi usiku. Pa Dyeratu pomwepa kampani ya PressCane imaphika ethanol kuchokera ku molasesi. Nzimbe zilipo, madzi alipo mpaka kutigwetsera nyumba, ana alipo. Kapeti amene mphwanga amasewerapo ali kumtunda, makilomita pafupifupi 80 kuchokera kwa amayi ake, kuseri kwa zitunda zonse zija za pa Thabwa.

Zikanathera pamenepo ndikanangoti masewerowa ndi a anthu olemera, mwanayu asangalale nawo pang'ono, akakula adzasiya yekha. Chinandisokoneza ndi nkhani ya Zambia.

Mu Okutobala 2018 ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, kunachitika Youth Olympic Games, masewero a Olympics a achinyamata a zaka 15 mpaka 18. Hockey ya kumeneko inali ya anthu asanuasanu, yotchedwa Hockey5s: bwalo laling'ono, lotchingidwa ndi matabwa m'mbali kuti mpira uzibwerera, D palibe, mphindi zochepa koma zothamanga ngati moto wolusa. Mu kotafainolo anyamata a Zambia anakumana ndi Australia. Kuti mumvetse kukula kwake, Australia ndi imene inatenga golide wa anyamata maulendo awiri onse am'mbuyomo, ku Singapore mu 2010 ndi ku Nanjing mu 2014. Zambia inapambana 6-4. Mu semifainolo inagonja kwa Malaysia, imene inadzatenga golide, ndipo polimbirana nambala yachitatu inagonja kwa eni bwalo, Argentina. Inabwerera ku Lusaka ili nambala 4, yopanda mendulo, koma itadutsa maiko amene ali ndi makapeti osawerengeka.

Anyamata amenewa sanagwe kumwamba. Mu 2010 bungwe la International Olympic Committee linatsegula malo a zamasewero ku Lusaka otchedwa Olympic Youth Development Centre, kufupi ndi makomboni a Mandevu ndi Matero, ndipo mwa zina anayalapo kapeti wa hockey. Ana a m'makomboni anayamba kulowa. Patangotha zaka zinayi Zambia inali kale ku Nanjing. Patatha zisanu ndi zitatu inagwetsa Australia. Bwalo limodzi, geti lotsegula, mphunzitsi wodekha, ndi ana okhala mtunda woyenda wapansi. Tinaonera kanema wa masewero amenewo mwina kakhumi. Mphwanga ankakweza voliyumu kuti amve ngati akukuwirana m'Chinyanja, paja ku Lusaka ndicho chilankhulo cha mumsewu. Kaya anamvadi kaya ankangofuna kumva, iye amalumbira kuti wina anakuwa kuti "bwela!"

Pamene ndinaimapo nthawi yaitali ndi pa mawu oti mtunda woyenda wapansi. Mwana wa ku Mandevu ndi mwana wa kwa Sekeni sasiyana mphamvu kapena nzeru. Winayo anangopezeka kuti akukhala pafupi ndi geti. Mphwanga naye anapezeka pafupi ndi geti, koma amene anamufikitsapo ndi Freddy. Zimandivuta kuganiza kuti chikhala kuti nyumba ija sinagwe, bwenzi palibe amene anadziwa kuti manja ake amatha chiyani, ngakhale mwini wake. Pa kalembera wa 2018 boma la Chikwawa lokha linali ndi anthu oposa 560,000. Mwa amenewo abusa a ng'ombe ndi angati, ndipo ndi angati amene amamuposa mphwanga? Kudambo kwathu iye sanali katswiri n'komwe. Panali kamnyamata kena kamanzere kamene kankamulanda mpira mpaka kulira.

Kumapeto kwa chaka chathachi, kuyambira pa 28 Novembala mpaka pa 10 Disembala 2025, Junior World Cup inachitikira ku Chennai ndi ku Madurai m'dziko la India. Ulendo uno matimu anawonjezeredwa kufika 24, ndipo Africa inapatsidwa malo atatu. Malowo anawalimbirana ku Windhoek mu Epulo, ndipo anapita ndi South Africa, Egypt ndi Namibia. Namibia, dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni. Germany inatenganso chikho itagonjetsa Spain pamapenate, amene ku hockey amakhala osiyana: wosewera amanyamuka ndi mpira kuchokera pamzere wa mamita 23, ali ndi masekondi 8 oti amuzembe goloboyi. Mphwanga sanalabadire kwambiri za Germany. Anatenga kope n'kuyamba kuwerengera zaka zake. Ngati mpikisanowu upitirire kuchitika zaka ziwiri zilizonse monga wakhalira kuyambira 2021, iye ali ndi maulendo awiri, mwina atatu, asanapyole msinkhu. Mipikisano ya achinyamata ndi yankhanza pamenepo. Chikho cha akuluakulu ungachidikire, ichi ukangokwanitsa zaka chitseko chatsekeka.

Patangopita masabata awiri tinakwera minibasi kutsikira kumudzi kukadya Khirisimasi, iye ndodo yake ataikulunga m'chitenje.

Nyumba yatsopano ya achemwali ndi ya njerwa zootcha, ili pamalo okwererapo, ndipo anaimanga movutikira, thumba la simenti limodzilimodzi. Muli chipinda chimene anasiyira mwana wawo woyamba. Ndinachiona nditangofika ndipo ndinadziwa kuti nkhani ikubwera. Inabweradi, tsiku lotsatira Khirisimasi, pakhonde, amayi athu atakhala pamphasa, alamu pampando wa ndalema, mwini nkhani atatumidwa kukamwetsa ng'ombe.

Anayamba ndi alamu, ndipo sanalankhule zopusa. Anati ng'ombe zatsala zisanu, wozisamala ndi mwana wa eni wolipidwa. Anati sukulu ya sekondale yoyendera ilipo konkuno, Fomu 2 ndi imodzimodzi kulikonse. Kenako anafika pamene ankafuna.

"Alamu, ukanakhala mpira wamiyendo bola. Timamva ana a anthu ku Bullets ndi ku Wanderers akulandira kangachepe. Nanga zandodozi amalipira ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uyu mukumuonetsa wa pachala."

Ndinawayankha zoona, kuti palibe amalipira. Osewera hockey amene ndikuwadziwa ku Blantyre ndi ana asukulu, aphunzitsi, asilikali, anthu a maganyu. Thiransipoti amadzilipirira okha. Ngakhale ku Germany komweko, kumene zikho zimapita, osewera ambiri a timu ya dziko amakhala ali ku yunivesite kapena pantchito zina. Aliyense wouza kholo kuti hockey idzalemeretsa mwana wake akunama. Ndodo yabwino ya masiku ano, yopangidwa ndi kaboni, mtengo wake umagula mbuzi, nthawi zina ziwiri. Ndipo kuti Malawi idzafike ku Junior World Cup iyenera kudutsa South Africa, Egypt, Namibia, Kenya, Zimbabwe ndi Zambia yomwe ija. Ndinawauza kuti mwayi woti mwana wawo adzakwere ndege ndi ndodo ndi wochepa kwambiri.

"Ndiye mukumusungiranji?"

Ndinawauza za nsapato zija. Kuti kuyambira pamene anayamba kupita kubwalo, mvula ikagwa usiku amagona. Kuti amadzuka yekha 5 koloko, amachapa yekha, ndipo homuweki amamaliza msanga chifukwa mphunzitsi wawo salola mwana wolephera m'kalasi kugwira ndodo. Kuti mnyamata amene ankayankha mawu awiri okha pano amatha kuimirira pakati pa anzake khumi n'kuwauza poti aime. Sindikudziwa dzina la chinthu chimenecho, koma ndinachiona chikumera, ndipo ndikuopa kuchizula.

Achemwali anali chete nthawi yonseyi, akusenda nandolo. Atayankhula sanakweze mawu.

"Achimwene, munamutenga chifukwa cha madzi. Madzi anaphwa."

Palibe anayankha.

"Anachoka kuno mawu ali ang'ono. Wabwera akulankhula ngati bambo ake. Ine sindinamve tsiku limene anasintha. Nsapato sindidziwa amavala saizi yanji. Mukuti ku India, ku Germany. Ine ndikungofuna ndizimuona akudya."

Mfundo za alamu ndinali nazo mayankho. Iyi ndinalibe, ndipo mpaka pano ndilibe. Tikamawerenga za ana amene anafika patali pamasewero timamva za bwalo, za mphunzitsi, za zigoli. Sitimva za mayi amene anatsala ndi chipinda chopanda munthu. Mwana wa ku Mandevu akamaliza kusewera amakagona kwawo. Wa kwa Lundu kuti asewere ayenera kusankha pakati pa kapeti ndi amayi ake, ali ndi zaka 16. Kusiyana kwenikweni kuli pamenepo, ndipo bungwe la Hockey Association of Malawi ngakhale litachita kufunitsitsa bwanji silingathe kuyala kapeti m'boma lililonse.

Kuti mpweya utsike ndinawafotokozera nkhani ina imene ndinawerenga, ya boma la Sundargarh m'chigawo cha Odisha ku India. Ndi dera la kumidzi, la anthu osauka, kumene ana amayamba hockey ndi ndodo zansungwi pabwalo lafumbi. Midzi imapikisana yokhayokha, ndipo mphoto ya opambana imakhala mbuzi. Mipikisanoyo amaitcha khasi, kutanthauza mbuziyo. Kumeneko n'kumene kunachokera Dilip Tirkey, amene anasewerera India maulendo oposa 400, anakhalapo kaputeni, ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la hockey la dziko lonselo. Makapeti anadzafika kuderalo pambuyo pake, atatsatira ana amene anali akusewera kale.

Alamu anaseka koyamba tsiku limenelo. "Mbuzi ndiye ndamva. Zinazo ayi, koma mbuzi ndamva."

Amene anadula mlandu ndi amayi, monga mwa nthawi zonse. Anati mwana asasinthe sukulu mayeso a JCE ali pafupi. Akhale kwa amalume ake mpaka zotsatira zituluke. Akakhoza bwino, tidzakhalanso pansi. Akalephera, akwere minibasi yoyamba ya ku Nchalo, ndodo yakeyo adzaweta nayo ng'ombe. Holide iliyonse azibwera tsiku lotsekera lomwelo, osati mawa lake. Ndipo Lamulungu lililonse aziimbira amayi ake pa vidiyo akudya, kuti aziona. Achemwali sananene kuti avomera. Anangopitiriza kusenda nandolo, ndipo kwathu kumeneko ndiko kuvomera kwa munthu amene mtima ukumupweteka.

Madzulo ake mphwanga atamva chigamulo sanalankhule zambiri. Anamasula ndodo yake m'chitenje muja n'kupita kudambo, ana a pamudzi ali pambuyo ngati nkhuku zoona chimanga. Ndinawatsatira patali. Anawagawa asanuasanu, anagoneka mitengo youma m'mbali kuti ikhale ngati matabwa a ku Buenos Aires aja, ndipo anawauza lamulo limodzi lokha, la phazi. Ndodo yeniyeni inali imodzi, inkayenda m'manja mosinthana. Ena onse anathyola zawo kutchire. Kamnyamata kamanzere kaja kanalipo, pano ndi kamtali kuposa mphwanga, kanasiya sukulu Sitandade 7 ndipo kakudikira nyengo yodula nzimbe kuti kakayese mwayi. Kanatenga ndodo ya kaboni ija, kanaitembenuza kawiri, n'kumudutsa mphwanga ngati waima. Iye anangogwira m'chiuno n'kundiyang'ana.

Alamu nawo anafika, manja kumbuyo, akuti akudzaona ng'ombe. Anaima mpaka dzuwa kulowa. Pobwerera anandiuza kuti ali ndi katonde kena kovutitsa kamene kamalowa m'minda ya anthu. Ngati pa holide ya mu Ogasiti pangapezeke matimu anayi, a midzi inayi, katondeko akapereka. Koma iwo sagula ndodo, ndipo wina akathyoka dzino asabwere kwa iwo.

Ndiye vuto limene tili nalo panopa ndi la ndodo. Matimu awiri akamasewera pamafunika khumi. Mkulu uja wa ku Blantyre walonjeza zakale ziwiri. Zotsalazo tinakalankhula ndi kalipentala wina wa pa Nchalo, amene anaitembenuza ndodo ya mphwanga, kuiyeza ndi tepi, kuijambula papepala la simenti, n'kunena kuti zimenezi n'zosavuta poyerekeza ndi mpini wa khasu. Sabata yatha achemwali anatumiza chithunzi cha yoyamba pa WhatsApp. Ndi yokongola, yosalala, anaipaka ndi vanishi. Mphwanga anaikuza pafoni, anaiyang'ana, n'kugwa pansi ndi kuseka. Mbali yafulati ili kolakwika. Pa hockey ndodo yamanzere kulibe, dziko lonse lapansi. Ngakhale wamanzere amasewera ndi yamanja.

Tinamuimbira kalipentalayo kumufotokozera. Anati vuto palibe, pepala lija analiyang'ana chakumbuyo, yachiwiri ituluka Loweruka. Koma yoyambayo sataya, wapeza kale kasitomala: agogo ena a pafupi ndi shopu yake akuti ikuwakwana bwino poyendera.